Kusunga mwambo m'kalasi ya ana oposa 100 popanda ndodo

Aphunzitsi atsopano akangofika pasukulu pathu kuchokera ku TTC, koleji yophunzitsa aphunzitsi, funso lawo loyamba silikhala la sikimu kapena lesoni pulani. Amandikokera pambali nthawi ya buleki n'kufunsa kuti, "Amayi, ndodo akuti ndi yoletsedwa, nanga chigulu chonsechi tichigwira ndi chiyani?" Funsoli n'lomveka. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 3 pasukulu ina yakumudzi kuno ku Mulanje, ndipo ana m'kalasi mwanga amapitirira 100, ambiri atakhala pansi. Unduna wa Zamaphunziro umafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60. Koma chiyambire maphunziro aulere mu 1994, pamene ana a pulayimale analumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi am'munsi m'masukulu ambiri akhala odzaza mpaka pakhomo.

Ndodo ndi yoletsedwadi. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limakana chilango chomenya munthu pamlandu uliwonse woweruzidwa ndi nthambi ya boma, ndipo malamulo a ntchito yathu yauphunzitsi amatiletsa kumenya mwana. Komatu mphunzitsi amene wasiya ndodo chifukwa chongoopa a PEA, alangizi oyendera masukulu a pulayimale, amangoibisa kuseri kwa kabati. Ndodo imachoka m'kalasi pokhapokha china chitalowa m'malo mwake.

Chinacho ndi kuphunzitsa khalidwe monga timaphunzitsira kuwerenga. Mwana akalephera liwu lakuti "nkhwangwa", tonse timadziwa chochita: timaliphwanya m'maphatikizo, timamuonetsa, timawerenga naye, kenako amayesa yekha. Mwana yemweyo akalephera kudikira pamzere, kapena akamenya mnzake chifukwa cha pensulo, timathamangira kunena kuti akuchitira dala. Kawirikawiri amakhala kuti sanaonetsedwe. Kuugwira mtima, kudikira, kupempha, kupepesa, kukana mwaulemu, onsewa ndi maluso, ndipo mwana wa zaka 8 sabadwa nawo.

Sabata ziwiri zoyamba

Teremu yoyamba ikatsegulidwa, ndimalola silabasi kuyenda pang'onopang'ono kwa sabata ziwiri. Nthawi imeneyi imabwerera yokha m'tsogolo, chifukwa simudzakhalanso mukutaya theka la piriyodi mukukuwa kuti "Khalani chete!"

Yambani ndi kakhalidwe ka pansi. Ngati ana amakhala pasimenti, jambulani ndi choko tinjira tiwiri kapena titatu tochokera pabolodi kufika kukhoma lakumbuyo, ndipo muwauze kuti munjiramo simukhala munthu. Phokoso lambiri limabadwira kumbuyo, kumene mphunzitsi safikako chifukwa palibe popondera. Mukamatha kufika paliponse osaponda mwendo wa mwana, mwachepetsa kale mavuto ambiri musanalankhule n'komwe.

Kenako pezani chizindikiro chimodzi chokhalitsira chete. Changa ndi kuwomba m'manja katatu; ana amabwezera katatu, n'kuika manja pamaondo, maso kwa ine. Timachiyeserera ngati masewera: ndimawauza kuti alongolole dala, kenako ndimawomba. Poyamba amachedwa, amaseka. Bwerezani mpaka zitakhala m'magazi. Chofunika n'chakuti mukawomba musayambe kulankhula pamene ena akadanong'ona. Dikirani. Mukangolankhula pamwamba pa phokoso kamodzi, ana aphunzira kuti chizindikirocho n'chongoseweretsa.

Chimodzimodzi kulowa m'kalasi, kugawana mabuku pamene buku limodzi agwiritsa ana angapo, kupempha kupita kuchimbudzi, kufola pamzere wa phala. Gwiritsani ntchito njira yomwe tinaizolowera mu National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga: mphunzitsi aonetsa, mphunzitsi ndi ophunzira achitira limodzi, kenako ophunzira achita okha. Ine ndimafika poonetsa ndekha mmene munthu amaperekera buku kwa mnzake osaliponya. Ena angaone ngati zachibwana. Koma kalasi yomwe inayeserera zimenezi mu Seputembala siing'amba mabuku mu Novembala.

Malamulo a m'kalasi akhale ochepa, anayi kapena asanu, ndipo muwapange ndi anawo. Afunseni chimene chimawapweteka anzawo akawachitira. Adzakuuzani zambiri: kulandidwa pensulo, kusekedwa ukalakwitsa yankho, kupondedwa, kutchulidwa dzina lachipongwe. Pamenepo mutolepo malamulo, ndipo muwalembe monena chochita: "Timamvetsera wina akamalankhula." "Timapempha tisanatenge." Lamulo lakuti "Osasokosa" limauza mwana chosiya, osamuuza chogwira.

Za monitala ndinene mwachidule. Musamupatse ntchito yolemba maina a olongolola. Ntchito imeneyo imasandutsa mwana kukhala wapolisi, ndipo amayamba kulandira chimanga chokazinga kuti afufute dzina. Gawani kalasi m'magulu a ana khumi kapena kupitirirako pang'ono, gulu lililonse likhale ndi mtsogoleri wosinthasintha, ntchito yake kugawa mabuku, kusonkhanitsa makope ndi kunena amene sanabwere. Ana ovuta muwapatse nawo udindo msanga. Mnyamata amene sakhazikika pansi amakhala katswiri wofufuta bolodi.

Ndipo phunzirani maina. Ndikudziwa, ndi ambiri. Imani pakhomo m'mawa, apatseni moni akamalowa, tsiku lililonse muloweze a gulu limodzi. Mwana amene mumamuitana kuti "iwe wa malaya ofiirawe" amadziwa kuti m'chigulumo akhoza kubisala.

Kupatsa ana mawu a zamumtima

Apa ndi pamene ambiri timadumpha, chikhalirecho ndi pamene pagona nkhani. Mwana wa Sitandade 2 kapena 3 mukamufunsa mmene akumvera, amadziwa mayankho awiri: "bwino" ndi kukhala chete. Zonse zimene zili pakati, manyazi, mantha, nsanje, kukhumudwa, kusungulumwa, zimatulukira m'chibakera kapena m'misozi chifukwa pakamwa palibe potulukira.

Phunziro la Life Skills lili nazo kale zimenezi: kudzidziwa, kudzidalira, kuthana ndi nkhawa, kuthetsa mikangano mwamtendere. Vuto n'lakuti timaziphunzitsa ngati zoloweza pokonzekera mayeso. Mwana akhoza kutchula njira zothetsera mkangano m'kope, belu likalira n'kukamenya mnzake pabwalo. Ku America kuli bungwe lotchedwa CASEL, lomwe linayamba mu 1994, limene limaika malusowa m'magulu asanu: kudzidziwa, kudziletsa, kumvetsa ena, kukhala bwino ndi anzako, ndi kusankha zochita moganizira zotsatira. Mu 2011 Joseph Durlak ndi anzake anasanthula mapulogalamu 213 a mtundu umenewu, okhudza ana oposa 270,000, ndipo anapeza kuti khalidwe linasintha komanso ana ankakhoza bwino m'kalasi. Masukulu ambiri mwa amenewo anali a ku America, kumene makalasi ndi aang'ono. Ife sitingakopere zonse. Tingatengepo mfundo yakuti zimenezi sizikutidyera nthawi ya masamu pachabe.

Ine ndinajambula nkhope zisanu pakatoni: yosangalala, yachisoni, yokwiya, yamantha, ndi yotopa. Yotopayo ndinaiwonjezera chifukwa ana ambiri amafika atatunga kale madzi ndi kusesa pabwalo. Nkhope iliyonse ili ndi nambala. M'mawa, tikatha rejisitala, ndimati, "Ndionetseni ndi zala pachifuwa mmene mwadzukira." Pachifuwa, osati m'mwamba, kuti wapambali asamadziwe za mnzake. Mphindi imodzi yokha. Sindifunsa aliyense pagulu chifukwa chake. Ndimangosunga m'mutu awiri kapena atatu amene aonetsa mkwiyo kapena mantha, n'kudzawadutsira pamene ena akulemba. Sabata zoyamba onse amaonetsa chala chimodzi chifukwa akuganiza kuti ndilo yankho lokhoza. Nanunso muzionetsa zala zanu, ndipo tsiku lina munene kuti, "Lero ndadzuka wotopa, mundithandize." Akaona kuti aphunzitsi nawo amatopa ndipo si mlandu, amayamba kunena zoona.

Nthano ndi chida china chimene tili nacho kale. Mukati "Padangotero" ana n'kuyankha "Tili tonse", mwawagwira onse 100. Pakati pa nthano imani, mufunse: pamene Kalulu anamupusitsa Fisi pamaso pa nyama zonse, Fisi anamva bwanji? Mwadziwa bwanji? Akanachita chiyani m'malo mothamangitsa Kalulu? Ana amalankhula momasuka za manyazi a Fisi kuposa za manyazi awo, koma mawu amene aphunzira pamenepo adzawagwiritsa ntchito okha.

Aphunzitseninso kuzindikira mkwiyo m'thupi. Afunseni kuti munthu akapsa mtima chimachitika n'chiyani: mtima umagunda, manja amafumbata, kumaso kumatentha. Kenako apatseni chochita. Chathu timachitcha kuuzira phala: mwana apinda manja ngati wagwira kapu, akoka mpweya ndi mphuno ngati akununkhiza, n'kuuzira pang'onopang'ono kuti phala lizizire, katatu. Muziyeserera kalasi ili phee, makamaka pobwera kubuleki. Mwana sangaphunzire kupuma mwa njira imeneyi pamene wakwiya kale. Ayenera kukhala ataizolowera.

Chomaliza ndi chiganizo chimodzi chimene aliyense aloweze: "Sindikufuna zimenezo, siya." Wouzidwayo ayenera kusiya. Akapanda kusiya, mwana apite kwa mtsogoleri wa gulu, kenako kwa ine. Chiganizo chimenechi chinachepetsa kwambiri milandu ya "Madamu, uje akunditsina", ndipo atsikana amanyazi ndi amene chimawathandiza koposa.

Mwana akalakwa

Adzalakwabe. Yambani ndi chochepetsetsa. Muyang'aneni. Akapanda kuona, yendani munjira muja mukaime pafupi naye uku mukupitiriza kuphunzitsa. Akapitiriza, weramani mumutchule dzina motsitsa mawu, mumuuze chochita: "Maso pabuku." Kapena yamikirani gulu loyandikana nalo, motchula chenicheni chimene achita: "Gulu ili latsegula kale tsamba." Zambiri zimathera pomwepa.

Zikapitirira, mpatseni chosankha: "Usunge kampirako m'thumba, kapena ndikusungire mpaka poweruka. Sankha." Mukatero chokanipo, mumupatse mpata. Mukaima pamutu pake kudikira, mnyamata wamkulu amakakamizika kuonetsa anzake kuti sakuopani.

Pakona yakutsogolo ndili ndi kamkeka. Si malo a chilango, ndipo ndimanena zimenezi kuyambira tsiku loyamba. Mwana amene mtima wakwera amakakhala pamenepo mphindi zochepa, auzire phala, abwerere. Nthawi zina amapempha yekha. Kumutulutsa kunja ndimakana: amakasewera, kapena amangopitirira kwawo, ndipo phunziro lamudutsa.

Ndewu ikabuka, alekanitseni, muwakhazike motalikirana, mupitirize phunziro. Musazenge mlandu pomwepo. Mwana amene akadali wefuwefu samva, ndipo ana 98 otsalawo asanduka oonerera. Nthawi ya buleki aitaneni awiriwo. Aliyense alankhule mnzake ali chete. Ndimafunsa kuti chinachitika n'chiyani, unamva bwanji, wapwetekedwa ndani, nanga tikonza bwanji. Funso lakuti "N'chifukwa chiyani wachita zimenezi?" ndinalisiya, chifukwa yankho lake limakhala kuyang'ana pansi basi. Musakakamize "pepa" wamsangamsanga. Pepa wonenedwa mano atalumana amakathera kunjira poweruka. Ngati sanakonzeke, auzeni kuti mukumananso mawa.

Chilango chikhalepo, koma chifanane ndi cholakwa. Wang'amba kope la mnzake, alimate ndipo amukopere zimene zatayika. Walemba pakhoma, atsuke. Wasokoneza fulaye kapena phada wa anzake, lero akhale pambali, mawa abwerere atanena mmene asewerere. Watukwana mnzake pagulu, akonze pagulu lomwelo.

Chibalo chathu chachizolowezi chija, kukumba dzenje, kutchetcha udzu, kuzula chitsa anzake ali m'kalasi, ine sindichiona phindu. Mwana amene akuvutika kale ndi kuwerenga ndi amene amapezeka pachibalo kawirikawiri, ndiye tikumuchotseranso maola ophunzira. Anyamata ena amachita kukondwa nacho, poti kunja kuli bwino kuposa masamu. Ndipo tikuwaphunzitsa kuti khasu ndi chilango, chonsecho makolo awo amawalera ndi khasu lomwelo. Kugwaditsa, kutsina makutu, kuimika mwendo umodzi, kuuza kalasi kuti imukuwize, zonsezi ndi ndodo yomweyo. Kulanga kalasi yonse chifukwa cha anthu atatu kumangophunzitsa osalakwa kuti kusunga mwambo kulibe malipiro. Ndipo phala, kaya ndi la Mary's Meals kaya la bungwe lina, musalikhudze. Kwa ana ena ndicho chakudya choyamba cha tsikulo, ndipo mwana wanjala savuta pang'ono.

Yang'anani kuseri kwa khalidwelo

Mwana akamabwereza cholakwa chomwecho, sungani kakope kolembamo tsiku, nthawi ndi chimene chinachitika chisanayambe. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu mudzaona mzere wake. Wina amavuta nthawi yokopera za pabolodi yokha: mwina saona bwino, musunthireni kutsogolo. Wina sayankha mukamuitana ndipo mumati ndi mwano, pamene khutu likutuluka mafinya. Wina amayambitsa chipwirikiti ikangoyandikira nthawi yowerenga mokweza, chifukwa kwa iye n'kwabwino kutchedwa wovuta kusiyana ndi kutchedwa mbuli. Izi n'zofala kwa anyamata a zaka 12 kapena 13 amene abwereza kangapo ndipo akukhala ndi tiana ta zaka 8. Amenewa awerengereni padera, pagulu muwapatse udindo.

Teremu yachiwiri, Januwale ndi Febuluwale, ndewu zimachuluka ndipo ena amagona m'kalasi. Ndi njala. Kujomba kumatsata masiku a msika ndi nyengo ya ganyu. Wochedwa mumufunse kaye musanamubweze pageti. Mtsikana amene amayamba wasambitsa azing'ono ake akabwezedwa kawiri katatu, amasiyiratu.

Kuno kwathu, namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, makalasi ena anasanduka malo ogona anthu othawa madzi. Sukulu zitatsegulidwanso, mvula ikangoyamba kugunda pamalata, ana ena ankalira, ena kuthamangira pakhomo, ena kungouma. Mwana wotero sakusowa mwambo. Tinkasiya phunziro, n'kunena poyera kuti, "Mvula ikutiopsa, eti? Tili limodzi, khomali n'lolimba," n'kuuzira phala, n'kuimba mpaka mvula itachepa. Mpaka pano ndikaona mitambo yakuda pamwamba pa phiri ndimayang'ana kaye nkhope zingapo zimene ndikuzidziwa.

Pali zina zoposa mphunzitsi. Mwana amene wasintha mwadzidzidzi, ali ndi zipsera zosamveka, akuopa kubwerera kwawo, kapena akulankhula zogonana zoposa msinkhu wake, musamufufuze nokha ngati wapolisi, ndipo musamulonjeze kuti simuuza aliyense. Mumvetsereni, mulembe mawu ake mmene wanenera, muuze ahedi tsiku lomwelo. Kuli alangizi oteteza ana a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kuli Victim Support Unit kupolisi, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana lilipo chifukwa cha nkhani ngati zimenezi.

Makolo

Kholo limene limaitanidwa pasukulu pokhapokha mwana akalakwa limabwera litakwiya kale, ndipo mkwiyowo umakathera pamsana pa mwana madzulo. Yambani ndinu ndi nkhani yabwino. Mukakumana kuchigayo kapena potuluka m'tchalitchi, nenani kuti, "Mayi, mwana wanu uja dzulo anathandiza mnzake amene anagwa." Tsiku lodzakambirana zovuta mudzakhala mukulankhula ndi munthu wokudziwani.

Ambiri adzakuuzani kuti, "Aphunzitsi, ingomukwapulani, ifenso tinakula choncho. M'mera mpoyamba." Musatsutsane nawo ngati kuti ndi osadziwa, akufunira mwana wawo zabwino. Ine ndimayankha kuti, "Zoona bambo, mpoyambadi, n'chifukwa chake ndakuitanani lero. Kumenya sindiloledwa, komanso ndaona kuti akamenyedwa amangophunzira kubisa. Tiyeni tigwirizane chinthu chimodzi choti asinthe sabata ino, Lachisanu ndikutumizirani uthenga." Chinthu chimodzi, osati mndandanda wa machimo ake onse. Mwanayo akhalepo pokambirana, ndipo anene yekha chimene achite.

Kumene kholo silibwera, amayi a mother group, gulu la amayi a m'mudzi lothandiza ana kuti asasiye sukulu, amafika pakhomo pamene inu simungafike, ndipo amadziwa kuti mwanayo akukhala ndi agogo chifukwa bambo ali ku Joni. Nkhani za ana othawira kumavidiyo nthawi ya sukulu zimafuna komiti ya sukulu ndi a mfumu. Mphunzitsi yekha sangatseke chinyumba cha vidiyo.

Inu eni ake

Ana amaonera inu mmene munthu wamkulu amachitira akapsa mtima. Tsiku limene malipiro achedwa, kunyumba kuli matenda, ndipo kalasi yachita kulusa, nenani mokweza kuti, "Mtima wanga wakwera, ndiuzire kaye phala," muime pakhomo, mupume. Amaseka ulendo woyamba. Kenako mudzamva wina akuuza mnzake pabwalo kuti auzire phala.

Gwirizanani ndi mphunzitsi wa kalasi yoyandikana kuti zikafika povuta mutha kumutumizira mwana mmodzi kwa mphindi khumi, iyenso n'kudzatero. Ndipo konzekerani kuti mukangosiya ndodo, phokoso limayamba lakwera. Ana amene anazolowera mkwapulo amafuna aone ngati mukunenadi zoona, ndipo anzanu ena mu stafu adzakuuzani kuti mwawalekerera. Nthawi imeneyo kakope kaja kamathandiza: werengani ndewu za sabata yoyamba, muyerekeze ndi za sabata yachisanu ndi chimodzi, mupite nazo kwa ahedi kapena kumsonkhano wa ku TDC, malo okumanirako aphunzitsi a m'dera lanu. Mukapeza mphunzitsi wa Sitandade 2 ndi wa Sitandade 4 ovomera kugwiritsa ntchito chizindikiro chomwecho, nkhope zomwezo ndi mafunso omwewo, ana sadzayambanso pachiyambi chaka chilichonse, ndipo sabata ziwiri zoyeserera zija zimatsika kufika masiku ochepa.